Kachitsulo ka Che Asani

Shaibu atadina kabatani komwe mlonda anamupatsa, chitseko cha galaja chinayamba kukwera chokha pang'onopang'ono, ndipo mpweya wozizira unatulukira pansi n'kudzamenya mapazi a Salima. Magetsi anayaka okha, mzere ndi mzere, mpaka kumapeto kwa chinyumbacho. Awiriwo anangoima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Mashallah," anatero Shaibu, mawu atachepa. "Achimwene ankagwira ntchito muno?"

Salima anali atakumbatira jumbo yomwe anamupatsa kuchipatala, ndipo maso ake sankadziwa poyambira. Magalimoto anali atandandalika mbali zonse ziwiri, oposa makumi awiri, onse akalekale koma owala mopweteka m'maso. Ina yofiira inali yaifupi moti munthu akanailumpha osathamanga. Ina yobiriwira inali ndi mapiko kumbuyo. Ina yakuda, yaitali, inali ndi kachifanizo kasiliva pamphuno, ndipo imeneyi Salima anaizindikira nthawi yomweyo. Ndi imene bambo ake anaima pambali pake pa chithunzi chomwe amayi anapachika pabalaza ku Namwera, chithunzi chimene chinachititsa mudzi wonse kukhulupirira kuti Che Asani amayendetsa mafumu ku Qatar.

Pansi panali poyera kwambiri moti Salima anavula nsapato osaganiza n'komwe, monga amachitira pakhomo la mzikiti. Shaibu anamuyang'ana, nayenso anavula zake.

Che Asani anasamalira magalimoto amenewa zaka khumi ndi chimodzi. Anagwera momwemo Lachitatu lapitalo, mtima utangoima, ndipo Lachisanu anawaika m'manda ku Doha komweko. Amayi analira pafoni mpaka mawu kutha, kenaka anavomera kuti thupi la mwamuna wawo lisadikire ndege yobwerera kumudzi. Wachibale amene anaponyako dothi anali mmodzi yekha, mng'ono wa malemuwo Shaibu, woyendetsa basi ya antchito. Salima, mwana wawo woyamba, anali atagwira ntchito kuhotela ya ku The Pearl zaka zitatu. Kuchokera kumeneko kufika ku Old Airport, komwe kunali galajayo, ndi ulendo wa ola limodzi, koma pa zaka zitatuzo sanapondepo m'galajamo ngakhale kamodzi. Bambo ake akamuitana, yankho linali lija la mashifiti. Tsopano zimenezo zinkamuwawa mumtima, ndipo panalibe womupepesa.

Malo a Che Asani anali kumapeto, pakona. Panali tebulo lachitsulo, ketulo, kapu imodzi, ndi mkeka wopemphererapo wopindidwa bwinobwino. Zipangizo zinali zitapachikidwa pathabwa, ndipo chilichonse anachizunguliza ndi pensulo kuti chikachoka malo ake azioneka. Salima anakhuthulira patebulopo za mu jumbo ija: foni yakale ya mabatani, mikanda yopempherera ya tasibihi, chiphaso, ndi kachitsulo kena komwe anakapeza m'thumba la ovolosi. Kanali kafulati, kotalika ngati chikhatho, kopakidwa penti yotuwa mbali zonse ziwiri. Tisikuluwu tinayi tinali titakulungidwa m'kapepala.

"Nanga ichi n'chiyani, bambo aang'ono?"

Shaibu anakatembenuza kamodzi n'kukabweza. "Scrap iyi. Achimwene ankatola chilichonse. Msomali wopindika sankaudutsa."

Salima anakaika m'chikwama chake. Chinthu chomwe munthu wafa nacho m'thumba sutaya.

Pafupi ndi tebulolo panali galimoto imodzi yokha yofundidwa nsalu. Shaibu anakoka nsaluyo, ndipo nkhope yake inagwa. Inali galimoto ya polisi yakalekale, Chevrolet yaikulu yakuda ya zitseko zoyera, nyali yofiira imodzi padenga ndi mawu a Chiarabu pachitseko. Kupatula zimenezo inalibe kanthu. M'mbali munalibe chitsulo chonyezimira ngakhale chimodzi. Mawilo anali akuda, atavala timbale ting'onoting'ono pakati. M'kati, pansi panali mphira m'malo mwa kapeti, mpando unali benchi lalitali lopanda maluwa, ndipo pa dashibodi panali bowo lamakona anayi, lopanda kanthu. Pakati pa anzake aja inkaoneka ngati wachibale wosauka amene wafika paukwati osaitanidwa.

"Ndiye ndi imeneyi?" anafunsa Shaibu. "Tayatsanso uthenga uja."

Salima anatsegula foni. Mawu a Abu Jasim, mwini magalimotowo, anamveka m'Chingerezi chawo chodukaduka. Nkhalambayo inali ku Makka, ndipo inkabwera Lachinayi. Inapepesa maliro, inati atenge katundu yense wa malemu, kenaka inawonjezera kuti galimoto ya polisi inkayenera kupita kuchionetsero Lachisanu. "Asani anandiuza kuti kwatsala kantchito kamodzi kakang'ono. Ngati sikanathe, khalas, basi, galimotoyo ikhala. Allah ndiye amadziwa."

Za chionetserocho Salima ankazidziwa. Mwezi wathawo bambo ake anazitchula pafoni, mwamanyazi, ngati akunena za munthu wina. Anati bwana walonjeza kuti pachikwangwani choima pambali pa galimotoyo adzalembapo dzina la amene anaikonza. Salima anangoti, "Zabwino, ababa," maso ali pa mathebulo oti ayale. Munthu anagwira ntchito moyo wake wonse pansi pa magalimoto a eni, ndipo kameneka kanali koyamba kuti dzina lake lilembedwe poti anthu aone.

"Galimotoyi ipita," anatero Salima. "Sindikudziwa kuti ipita bwanji, koma ipita."

Shaibu anali atayamba kale kusuzumira pamashelefu. Anatsitsa katoni imodzi, kenaka ina, mpaka zinakwana zisanu ndi imodzi. Pa iliyonse panali zolemba za Che Asani, zilembo zoima chilili: Chitseko cha kumanja, kutsogolo. Mawilo. Pansi. Wailesi. M'kati mwake chilichonse chinali chokulungidwa m'nyuzipepala. Shaibu anafutukula chimodzi, ndipo chitsulo chachitali chinang'anima m'manja mwake.

"Ndi izi!" anafuula. "Waona? Achimwene anakonza kale zonse, kwangotsala ku-fitter basi."

"Koma bwana anati kantchito kamodzi kakang'ono."

"Iwe, sukuwadziwa bambo ako? Injini akuitsitsa pansi amati kantchito. Denga la nyumba ya ku Namwera anati kantchito, tinakhala pamwamba masabata atatu." Anatulutsa wilukapu yaikulu n'kudziyang'anirapo nkhope. "Unaionapo galimoto yopita ku show ilibe wailesi? Tayang'ana zinzakezi. Tikaipititsa chonchi, anthu adzati makanika wachimalawi anafa ntchito ili pakati. Ine ndili moyo zimenezo ayi."

Tinene zoona, Shaibu sankalankhula zopanda mutu. Asanabwere ku Doha anali katswiri wokongoletsa maminibasi padepoti ya ku Liwonde. Minibasi yotopa, yoti ikakwera mtunda anthu azipemphera, ikadutsa m'manja mwake inkatuluka ili ndi timagetsi tabuluu, zitsulo zowala ndi masipika ogwedeza chiwindi. Kwa iye, ndi kwa aliyense amene anakulira kumene chinthu chatsopano chimabwera kamodzi pachaka, kumaliza ntchito kunali kuwonjezera. Salima naye anaona chimodzimodzi. Anapinda manja a diresi n'kufunsa poyambira.

Anayamba Lolemba lomwelo. Shaibu ankatula antchito ake m'mamawa, n'kuthamangira kugalaja, n'kubwereranso kubasi dzuwa likapendeka. Salima anali atapatsidwa masiku a maliro, choncho ankakhala tsiku lonse. Anachotsa timbale tija n'kuveka mawilo mawilukapu aakulu. Anayala kapeti wofiira pamwamba pa mphira. Salima ankapukuta chitsulo chilichonse monga amapukutira mafoloko asiliva kuhotela, mpaka nkhope yake ioneke, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro ankamva kuti akuwachitira kanthu bambo ake.

Lachiwiri inali nthawi ya wailesi. Shaibu anagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja, akutukwana mawaya mwaulemu. Wailesiyo inalowa m'bowo muja ngati inabadwira momwemo. Atapotokola kabatani, inayamba yalira ngati mafuta m'chiwaya, kenaka mawu a woimba wachiarabu anadzaza galaja yonse.

"Yalla! Wamva?" Shaibu anatuluka akuvina ndi mapewa, misozi ili m'maso. "Achimwene, mwamva? Yalankhula!"

Salima anajambula chithunzi n'kutumiza ku Namwera. Sipanapite nthawi amayi anaimba.

"Eya, tsopano ikuoneka ya bwana," anatero amayi, mawu akadali osasa. "Mwachita bwino, ana inu. Bambo akowo kudzikongoletsa sankakudziwa. Nyumba ino anakumba maziko ngati akumanga banki, koma penti kunja mpaka lero. Ndikanena amati, khoma likudontha? Malaya ndikawagulira amasunga m'sutikesi. Amalizireni bwino, asachite manyazi pakati pa Aarabu."

Mawu akuti manyazi anamubaya Salima pamalo pomwe ankabisa. Chaka chatha bambo ake anamuyendera kuhotela osanena, atavala ovolosi yawo yotuwa, atanyamula mtedza womwe wina anabwera nawo kuchokera kumudzi. Anaima pakhomo lalikulu, pomwe pamaima magalimoto a alendo. Salima atawaona anathamanga n'kuwazungulitsa kukhomo la kumbuyo, la antchito, akunamizira malamulo. Iwo sanadandaule. Anangoti khomo la kumbuyolo lili ndi mahinjesi abwino kuposa la kutsogolo. Atakumbukira zimenezo, Salima anatenga nsanza n'kupukutanso chitsulo chomwe anali atapukuta kale.

Madzulo a tsikulo anatulutsa zitsulo zazitali za m'mbali. Kumbuyo kwa chilichonse kunali timano tolowa m'mabowo. Salima anayendetsa zala pachitseko choyera, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo sanapeze bowo ngakhale limodzi. Chitsekocho chinali see, chosalala ngati galasi.

"Bambo aang'ono, mabowo ake ali kuti?"

"Sanafike poboola. Ndiye kantchito kaja kameneko."

"Koma munthu amayamba wapenta kenaka n'kuboola? Ababa akanatero?"

Shaibu anakanda m'mutu. Funsolo linamukhudza, koma nthawi ya basi inali itakwana, ndipo munthu amene wagwira kale ntchito masiku awiri safuna kumva kuti mwina walakwitsa. "Mafi mushkila, palibe vuto. Mawa ndibwera ndi drill ya mnzanga. By lunch tikhala tamaliza."

Lachitatu anayeza ndi tepi, n'kudontheza timadontho tisanu ndi titatu pachitseko cha woyendetsa. Wailesi inkaimba. Salima anagwira chitsulo chonyezimiracho m'manja awiri. Shaibu anati bismillah, anakanikiza makinawo pa kadontho koyamba, ndipo penti yoyera inapotana n'kugwa pansi. Chitsulo chinalira, kenaka nsonga inabooleza.

Nthawi yomweyo chitseko cha galaja chinayamba kukwera.

Amene analowa anali nkhalamba yaitali, yowonda, yovala mkanjo woyera, ikuyenda ndi ndodo. Anali Abu Jasim. Anali atafulumira ndi tsiku limodzi, ndipo anachokera kubwalo la ndege osadzera kunyumba. Anadutsa magalimoto ake onse odula aja osawacheukira, dzanja lili pachifuwa, akunena mawu a chipepeso kuyambira patali. Atafika pafupi mawuwo anaduka.

Anayang'ana mawilo. Anasuzumira pawindo n'kuona kapeti. Anayang'ana makina oboolera m'manja mwa Shaibu. Kenaka analowetsa mkono m'galimotomo n'kuzimitsa wailesi, ndipo m'galajamo munangoti zii. Anawerama movutikira, n'kuika chala chake pabowo latsopanolo monga munthu amagwirira bala la mwana.

"Mwachita chiyani?" anafunsa, osakweza mawu.

"Tikumalizitsa, bwana," anayankha Shaibu m'Chingerezi. "Ntchito ya m'bale wanga. Kuti Lachisanu ipite."

Nkhalambayo inakhala pampando wa Che Asani, ndodo ili pakati pa miyendo. Salima analakalaka ikanangokalipa. Itayamba kulankhula, inkalankhula ndi galimotoyo kuposa ndi iwo.

"Bambo anga anali wapolisi. Ankayendetsa yonga iyi, kale, nsanja zonsezi kulibe, msewu wa phula uli umodzi. Boma likamagula magalimoto a polisi silinkafuna zokongola. Linkati chotsani kapeti, chotsani zonyezimira, chotsani wailesi ya nyimbo, mutipatse injini yamphamvu ndi mpando woti ukada tizitsuka ndi madzi. Ndinakwera kumbuyo kwa yoteroyo ndili mwana, mapazi anga ali pa mphira yotentha. Ndinaifunafuna zaka makumi awiri. Zodulazi," analoza ndi ndodo mizere yonse iwiri osayang'anako, "n'zosavuta kupeza. Anthu olemera ankazisunga m'nyumba. Koma izi ankaziyendetsa mpaka zife, n'kuzitaya. Muno monse, yosowa kwambiri ndi iyi."

Shaibu anaika makina aja pansi mwakachetechete.

"Nditaipeza kunja, mwini wake anali ataiveka zonsezi kuti ifanane ndi zodula. Aliyense anandiuza kuti ndiisiye, ikuwala bwino. Asani yekha anatenga chithunzi cha bambo anga, anachiyang'ana tsiku lonse, n'kundiuza kuti galimotoyi yavala zovala zobwereka. Anandipempha kuti aivule." Nkhalambayo inapukusa mutu. "Zaka zisanu ndi chimodzi. M'mbalimu munali mabowo makumi asanu ndi limodzi kudza anayi. Anawatseka limodzilimodzi ndi moto, n'kupala, n'kupalanso, mpaka ine mwini sindingakuuzeni pomwe panali bowo. Mphira ya pansiyo anaidikira zaka ziwiri. Timbale ta mawilo tinabwera kamodzikamodzi, kuchokera m'maiko atatu. Anthu amabwera kuno kudzaona yakuda yaitali ija, koma odziwa magalimoto akafika pa iyi amasiya kulankhula."

"Nanga makatoniwa?" anafunsa Salima. "Anawalemba bwinobwino."

"Bambo ako sankataya kanthu. Anati tsiku lina padzapezeka galimoto yomwe zinthuzi ndi zake."

Shaibu anakhala pansi, pa simenti, n'kugwira mutu ndi manja awiri. Bambo wamkulu, wa ana anayi, analira mokweza ngati pa tsiku la maliro. Chingerezi chinamuthawa.

"Ndaboola ntchito ya achimwene, ine. Zaka sikisi, ine masiku atatu. Salima, unanena iwe dzulo, ine osamva. Ndimafuna asachite manyazi, wallah, ndimangofuna asachite manyazi."

Salima sanathe kumutonthoza, pakuti manja ake omwe ndi amene anapukuta chitsulo chilichonse. Anayang'ana galimotoyo, mawilukapu akuwala, kapeti ali psuu, ndipo anachita manyazi aakulu kuposa onse amene anawachitapo. Koma pansi pa manyaziwo panali chinthu china chomwe sankachiyembekezera. Ankayang'ana chitseko chosalala chija n'kumayesa kuwerenga mabowo omwe sankaoneka, ndipo thupi lake linachita tsembwe. Bambo ake, a ovolosi yotuwa aja, anagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi kuti pamapeto pake pasaoneke kuti panagwiridwa ntchito.

Abu Jasim sankamva Chichewa, koma kulira sikufuna womasulira. Anagogoda pansi ndi ndodo.

"Dzuka, m'bale wa Asani. Zimene mwaikazi zimachoka. Bowo limodzi si mabowo makumi asanu ndi limodzi." Anapumira m'mwamba. "Koma Lachisanu siipita, ndipo si chifukwa cha inu. Pamalo pa wailesi fakitale inkatsekapo ndi kachitsulo. Tinakafunafuna dziko lonse, sikapezeka. Asani anati akapanga yekha ndi tupa, poyang'ana chithunzi. Ndiko kantchito kanatsala. Woyendetsa wanga anafufuza m'madilowa onse Asani atangomwalira, sanakapeze. Galimoto ya bowo pa dashibodi sindingaionetse, ndipo Asani sakanalola."

Salima anali atatsegula kale chikwama. Anatulutsa kachitsulo kotuwa kaja ndi kapepala ka tisikuluwu, n'kuzipereka ndi manja awiri, atapinda maondo.

"Kanali m'thumba mwawo, bwana. Kuchipatala."

Nkhalambayo inakalandira, inakayandikitsa kumaso, ndipo milomo yake inayamba kuyenda mopanda mawu. Kenaka inati, "Subhanallah," n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu ya kumutu.

Kuvula kunatenga masana a Lachitatu ndi m'mawa wonse wa Lachinayi. Shaibu anapempha mnzake kuti amugwirire basi, chinthu chomwe sanachitepo chibwerere ku Doha. Anagwira ntchito osayankhula, akuchotsa waya uliwonse womwe analumikiza, akupukuta paliponse pomwe zala zake zinadetsa. Salima ankakulunga chilichonse m'nyuzipepala yake n'kuchibwezera m'katoni yake. Kapeti atachoka, anagwada n'kutsuka mphira ija ndi madzi. Anaiyang'anitsitsa kwa nthawi yoyamba, timizere take tosaphonyana, m'mbali mwake modulidwa molingana ndi pansi pa galimoto popanda potsala ngakhale pa chikhadabo. Timbale tija titabwerera pa mawilo, galimotoyo inaoneka yaikulu kuposa kale, yolemera, yosafuna kusangalatsa munthu. Salima anadabwa kuti Lolemba anaiona bwanji ngati yosauka.

Abu Jasim anabweranso Lachinayi masana atanyamula chikwangwani. Pansi pa dzina la galimoto ndi chaka chake panali mzere m'Chiarabu ndi m'Chingerezi: Anaikonza ndi Asani Wickson, wa ku Malawi. Shaibu anauwerenga kawiri, kenaka analoza kabowo ka pachitseko.

"Bwana, ndiloleni nditseke. Ndipaka filler, ndipenta, sipaoneka."

"Penti ya Asani sungaipeze tsiku limodzi. Ukapaka ina, chitseko chonse chidzanama." Nkhalambayo inagwiranso bowolo ndi chala. "Lisiye. Wina akafunsa, ndidzamuuza kuti munthuyu anali ndi m'bale wake amene ankamukonda."

Shaibu anatembenukira kukhoma n'kuyamba kukonza masipanala omwe anali okonzeka kale.

Kunatsala kantchito kamodzi kakang'ono. Abu Jasim anatsegula chitseko cha woyendetsa n'kukodola Salima. Iye anakhala pa benchi lija, pomwe bambo ake anakhalapo kosawerengeka, ndipo anamva kafungo ka sopo wawo wa m'manja. Anatembenuza kachitsuloko uku ndi uku.

"Kumaso ndi kuti? Konse n'kopenta."

Nkhalambayo inamuonetsa. Mbali imodzi inali ndi timizere titatu tocheperachepera, togwirizana ndi timizere ta pa dashibodi. Mbali inayo inali yosalala, yopalidwa bwino, penti yake yokhuthala chimodzimodzi, yopanda ndi kadontho komwe.

Shaibu anasuzumira pawindo. "Ndiye kumbuyoku anapentanjiko? Kukalowa m'katimo adzakuone ndani?"

Salima anayang'ana mbali ya kumbuyoyo kanthawi, popeza ankadziwa kuti ndi womaliza kuiona, kenaka anaitembenuzira mumdima wa bowolo. Kachitsuloko kanalowa n'kukhala, osagwedera, timizere take titakumana ndi tinzake ngati sitinasiyanepo. Shaibu anamupatsira sikuludiraiva ya chigwiriro chathabwa kuchokera pathabwa la zipangizo. Anamanga kasikuluwu koyamba, kachiwiri, kachitatu, kachinayi.

Atati azituluka, maso ake anagwera pa masikuluwu ena a pa dashibodi. Anayang'ana limodzi, kenaka lina, mpaka kumapeto, n'kuweramira pansi pa chiwongolero pomwe munthu sayang'ana. Onse anali ataima mofanana, kamzere ka pamutu pa lililonse kataloza m'mwamba. Anayi ake okha ndi amene ankayang'ana uku ndi uku.

"Tamaliza?" anafunsa Shaibu.

"Dikirani pang'ono, bambo aang'ono."

Salima anabwezera sikuludiraiva pa kasikuluwu koyamba n'kukapotokola pang'ono, mpaka kamzere kake kanaima chilili.